Tsiku limene kwadi inakana kulira ku Luwawa

Ntchito ya umakaniko ndinaipeza nditakankha njinga yamoto ya malume anga kuchokera kwathu, kumalire ndi Kasungu, mpaka pa Jenda. Mwini galaja, a Mhango, atatsegula kabuleta anaipeza yoyera, ndipo anafunsa amene anaitsuka. Ndinati ndine.

"Waitsuka makora chomene, mwana wanga, koma vuto silili apa," anatero. "Ubwere Lolemba ndidzakuonetse pamene lili."

Ndinali mkazi ndekha pagalajapo. Tinkakonza kwambiri njinga za akabaza, koma a Mhango analinso ndi kasitomala wamkulu, esiteti ina ya mitengo ya paini kufupi ndi Luwawa. Kumeneko ankayendera njinga zamoto za matayala anayi, zimene timati kwadi.

Pa kwadi m'pamene ndinaphunzirira bwino za moto wa injini. Pansi pa mpando pamakhala kabokosi kakuda, kakang'ono ngati sopo wosambira, kotchedwa CDI. Injini ikamazungulira, koyilo ya m'kati imapanga magetsi, kabokosiko n'kumawasunga. Pafupi ndi fulayiwilo, gudumu lozungulira ndi injini, pali kakoyilo kena, pikapu, kamene kamamva kachitsulo kotukuka ka pagudumupo kakamadutsa. Kakangomva, kamadziwitsa kabokosi kuti nthawi yakwana, ndipo kabokosi kamatulutsa magetsi onse nthawi imodzi kupita ku koyilo ya pulagi, pulagi n'kuthetheka. Kabokosika sikatsegulidwa, n'komata. Umakadziwa poyeza zimene zakazungulira.

Tsiku lina mu Okutobala, a Mhango anandituma ndekha kuesiteti kuja kukasintha oyilo. Ndinamaliza bwinobwino. Ndikusamba m'manja, mlonda wa pansanja anaimba foni kuti moto wa kutchire walowera mbali ya paini wamng'ono. Thanki ya madzi inkakokedwa ndi kwadi, chifukwa thirakitala siinkakwera njira ya kumtundako. Tsikulo panali kwadi imodzi yokha, yomwe ndinali nditangoisintha oyilo. Kapitawo, a Jere, anakwera n'kudina sitata. Injini inazungulira, osalira. Anadinanso. Chimodzimodzi.

"Mama, m'mawa uno imalira iyi," anatero a Jere. "Waigwira komaliza ndinu."

Sananene mokalipa, koma anthu onse amene anali atanyamula zikwanje ndi nthambi zozimira moto anatembenukira kwa ine. Utsi unali utayamba kuoneka pamwamba pa mitengo.

Ndinachotsa pulagi, kuigunditsa pa injini, n'kudina sitata. Moto panalibe. Mtima wanga unathamangira ku kabokosi, ndipo a Jere ankaganizanso zomwezo. Koma kabokosi kena kanali ku Jenda. Ndinakwera pachitsa pamene netiweki inkagwira, n'kuimbira a Mhango.

"Usakaweruze msanga kabokosi," anatero. "Funsa kaye mawaya ake, mmodzimmodzi. Mbwenu undiuze."

Ndinatenga mita yoyezera magetsi. Koyilo ya m'kati inali bwino. Pikapu inali bwino.  Unatsala waya wakuda wa mzere woyera, wochokera ku swichi yozimitsira injini. Ntchito ya waya umenewu ndi kutayira magetsi kuthupi la njinga ukafuna kuzimitsa. Ndinauzula pa kabokosi n'kudina sitata. Pulagi inathetheka moto wabuluu, ta ta ta.

Ndinautsatira ndi chala mpaka pansi pa chiwongolero. Pamenepo unali utakhulika ndi kukhotakhota kwa miyezi yambiri, mkuwa uli pamtunda, ukukhudza chitsulo. Ndiye kuti kwadi inkadzizimitsa yokha isanalire n'komwe. Ndinaukulunga ndi tepi, kuumangira kutali ndi pokhulapo, kubwezera pulagi. Inalira kamodzi kokha. A Jere sanadikire kuti nditseke mpando. Ananyamuka, thanki ikugudubuzika pambuyo, madzi akukhavukira m'njira.

Ine ndinatsala ndi masipanala anga, ndikuyang'ana utsi. Paini wina wa m'mphepete anapsa, koma moto anaugwira usanadumphe msewu wotchinga moto. Dzuwa litapendeka a Jere anabwerera ali bii ndi phulusa, maso ali psuu. Ndinawaonetsa pamene waya unakhulika. Anawerama, kugwirapo ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Pepani, mama, ndinalankhula mofulumira. Yewo chomene." Kenako anauza dalaivala wa lole ya matabwa kuti anditsitse pakhomo penipeni pa galaja.

Kwa a Mhango ndinakhalako zaka zingapo, ndipo zinali zaka zabwino. Lero ndili ndi kagalaja kanga pa Manyamula. Akabaza ambiri amafika atagula kale CDI yatsopano, ali nayo m'thumba, akuti ndingowaikira. Ndimawauza kuti aisunge kaye, akhale pabenchi. Ndimatenga mita n'kuyamba ndi mawaya, ngakhale mwini njinga azipondaponda pansi kuti makasitomala akumuthawa. Kawirikawiri amabwerera ndi kabokosi kawo kali m'pepala momwemo.