Filimu Imene Sindinaionepo

Anabwera m'mawa, nyengo yokumba kachewere, chaka chimene nkhondo inafika kwathu ku Ntengo-Wambalame. Anaima m'mphepete mwa munda, amuna a mfuti ochokera kutchire, nafunsa mayi amene anaimba mu filimu. Ndinasiya khasu, mwana wanga Luzia ndinam'pereka kwa apongozi, n'kutsogola.

Mlandu wanga unali uwu. Nkhondo isanayandikire, anthu ojambula anabwera ku eskola ya akulu kumene ife amayi tinkaphunzira tikaweruka kumunda. Ankapanga filimu ya nyimbo, yonena kuti mwana wamkazi aphunzire monga mlongo wake. Ine ndinatsogolera nyimbo. Atachoka sitinamvenso za iwo.

Kumsasa wa amuna a mfuti aja, m'mapiri a ku Macanga, komandante anati woimbira boma ndi wa boma. Anafuna maina a mapulofesola amene ankatiphunzitsa. Ndinati ndaiwala. Zimene zinatsatira zinatenga masana onse, ndipo mpaka lero dzanja langa lamanja silifumbata bwino.

Ananditsekera m'khola lakale la mbuzi. Mlonda anali bambo wa imvi wa ku Chidzolomondo, nayenso wochita kugwidwa. Tsiku lina akundipatsa madzi anati, "Mayi, ine ndinakuonani pakhoma ku Furancungo. Nkhope yanu inali yaikulu ngati chitseko."

Ndinawauza kuti filimuyo ine sindinaionepo. Kenaka anayamba kundisimbira, pang'onopang'ono, akabwera ndi madzi: kuti ndinavala duku lothothoka m'mphepete, kuti ndinaseka pakati pa nyimbo, kuti amayi oonera anayamba kuvomera ngati m'tchalitchi. Mwana wamkazi wa mlondayo, amene anali atamusiyitsa eskola kuti azilera azing'ono ake, anawagwira dzanja mpaka kumapeto.

"Ndinati ndimubwezera ku eskola tikakolola," anatero. "Nkhondo inatsogola."

Mvula itayamba mlonda uja anandiperekeza kumtsinje kukatunga. Anandilozera ndi mlomo njira ya kumalire, natembenukira kwina kukonza lamba wa mfuti. Anamukonza nthawi yaitali. Chimene chinawachitikira pambuyo pake sindichidziwa.

Abale anga ndinawapeza ku Malawi, pamsasa wa othawa nkhondo. Ufulu sindinaumve tsiku limenelo. Ndinkalankhulabe monong'ona, ngakhale popempha mchere. Ndinadzaumva patapita zaka, titabwerera kwathu, m'mawa wina Luzia akuzengereza kupita ku eskola. Ndinaima pakhomo n'kumukalipira mokweza, mudzi wonse ukumva, ndipo sindinacheuke kuona amene akumvetsera.