Bonongwe wanga sindizula

Lachiwiri lapitali nditaweruka kuchipatala, ndinapeza kansalu kofiira katamangidwa pachikhomo cha dimba langa.

Inu amene simunalimepo kuno ku London, dikirani ndikufotokozereni. Khonsolo imagawa timinda ting'onoting'ono, aliyense kake, ndipo timindato timakhala ndi komiti. Kanga kali kuno ku Romford, kuseri kwa njanji. Ndinadikira zaka mpaka kuiwala kuti ndinalembetsa. Tsono kansalu kofiira kamatanthauza chinthu chimodzi: munda wako wasanduka tchire, ukapanda kulambula tikulanda n'kupatsa wina.

Tchire? Dimba langa lija?

Muli chimanga. Nyemba zikukwera m'chimangamo. Pansi maungu ayanga mpaka kufuna kulowa kwa eni. M'mipata monse muli bonongwe, luni ndi chisoso, zimene mbewu zake anandigawira mayi wina wa ku Zambia kutchalitchi kwathu ku Peckham. Ndikachoka kuwodi nditatopa, miyendo ikuwawa, nditasambitsa makolo a anthu ena pamene anga ndinawaika m'manda pafoni, ndimabwera kuno kudzatsina nkhwani. Dimba limeneli ndi limene landisunga mutu m'dziko lino.

Ndisanatule n'chikwama chomwe, anatulukira a Dennis, mlembi wa komiti. Ndi mkulu wabwino, sindingawanamizire. Ndi iwo anandiphunzitsa kuthana ndi nkhono zimene zinkandimalizira mbande.

"Grace, musandide," anatero m'Chingerezi chawo chofatsa. "Chimanga tachiona. Koma zinazi ndi udzu, ndipo ukabereka njere ufalikira kwa anzanu. Mbewu iliyonse imafuna mzere wake. Komiti idzayendera Loweruka."

Ndinawauza kuti si udzu, ndi ndiwo.

Anamwetulira ngati akulankhula ndi mwana. "Mukudziwa? Agogo anga anakhalako kwanu, dzikolo likutchedwa Nyasaland. Anali katswiri wa tizilombo ta thonje ku Zomba. Ndi anthu ngati iwo amene anaphunzitsa anthu akwanu kulima."

Abale, magazi anandithamangira kumutu. Chimene chinali pamlomo panga sichikanalembedwa m'nyuzi ino.

Anatiphunzitsa kulima? Ndiye asanabwere tinkadya chiyani, mphepo?

Musandimve molakwa. Akatswiri aja a zaka zoyambirira za m'ma 1900 sanali zitsiru. Anakumba nthaka yathu n'kusiyanitsa katondo ndi makande. Anatola mbozi za m'thonje n'kuziika m'mabotolo, kuziyang'ana mpaka kudziwa kumene zimabisala. Tiyi wa ku Mulanje atayamba kuchita chikasu, anafufuza kufikira atapeza chimene chinkasowa m'dothi. Ine kwathu ndi ku Chikwawa, kwa alimi a thonje. Agogo anga aamuna ankadana nalo lamulo lozula ndi kutentha mitengo ya thonje ukatha kukolola, makamaka chifukwa linkabwera ndi msilikali. Komabe atakalamba ankavomereza okha kuti mbozi imagonadi m'zitsa. Pamenepo sinditsutsa.

Koma taonani zimene ankafufuza. Thonje, fodya, tiyi. Zokwera sitima kupita kwawo. Zimene mayi ankatola m'munda momwemo kuti ana adye madzulo, ndani anaziika m'botolo? Akalowa m'munda wa chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi, ambiri a iwo ankangoona chisokonezo cha anthu osaphunzira. Maso anali akuthwa poona dzira la gulugufe, koma ndiwo zodzaza dengu ankazipondaponda osaziona. Safunsa anadya phula, akulu anatero, koma apa phula tinadya ndife.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti ife tinawakhulupirira. Kusukulu kwathu aphunzitsi a zaulimi ankatikwapula tikasiya bonongwe m'bedi la kabichi. Madzulo aphunzitsi omwewo ankatuma mwana kukathyola bonongwe kudzala. Mukuwakumbukira anu, eti?

Ndili m'basi ndinaimbira Thoko, mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira zaulimi payunivesite ina kuno.

"Anti, musapange stress," anatero. "Azungu awa chilichonse chokhala ndi label amachilemekeza. Ingolembani timatabwa m'Chilatini, ndikutumizirani ma spelling. Akaona Amaranthus aziti ndinu a professor."

"Ndiye kuti bonongwe wanga abatizidwe kaye kuti akhale ndiwo?"

"Nanga mufuna mutaye plot chifukwa cha makani? Waiting list yake mukuidziwa. Komanso anti, zosakaniza mbewu zija panopa zili mu fashion, tikuziphunzira mu class. Akuti zimasokoneza tizilombo, zimasunga chinyontho."

Ndinaseka mpaka mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anasuntha. Zimene amayi anga ankanyozedwa nazo, lero mdzukulu wawo wakwera ndege kudzaziphunzira kwa anthu omwe aja!

Thoko sanalakwe. Tonse kuno timadziwa kuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Tinazolowera kufupikitsa maina athu kuti bwana asavutike lilime. Tinazolowera kutsegula mawindo onse tikakazinga usipa. Tikaphika thelere timadyera kuchipinda, kuopa ana athu omwe angatiseke. Tsiku lililonse timazula kenakake tokha, wina asanatiuze n'komwe. Ndipo ndisaname, mantha ndinali nawo. Lachitatu lonse ndinkapereka mankhwala kwa odwala mtima uli kudimba. Ndinafika poganiza kuti ndizule chisoso chokha, chifukwa ngakhale kwathu ena amachinyoza.

Koma ndikazula chisoso lero, mawa ndizula chiyani?

Pa mawu onse a a Dennis, amodzi okha anali oona: njere za bonongwe zimafalikira, ndipo za chisoso zimamatirira zovala. Mnzanga wa munda woyandikana nane sanapemphe ndiwo zanga. Choncho Lachisanu ndinatenga timatumba ta pepala n'kuveka ngala iliyonse imene yayamba kukhwima, n'kumanga ndi ulusi. Njere zigwere m'thumba, zisapite kwa eni, ndipo chaka chamawa mbewu ndili nayo kale. Timatabwa ndinalembadi, koma osati m'Chilatini. Ndinalemba ndi penti, zilembo zikuluzikulu: BONONGWE. LUNI. CHISOSO. NKHWANI.

Khasu sindinaligwire.

Loweruka anabwera, a Dennis ndi anzawo awiri. Anaima m'mphepete n'kumayang'ana bonongwe wanga atavala zipewa ngati amayi a mvano. A Dennis anawerama n'kuwerenga movutikira.

"Bo-no-ngwe. Pa Chingerezi n'chiyani?"

"Dzina lake ndi lomwelo," ndinatero. "Njere sizifika kwa aliyense, mwaona nokha. Palibe tsamba muno limene sindidya. Ngati lamulo lanu likuti munda ukhale wolimidwa, uwu ndi wolimidwa kuposa wanu, chifukwa inu pakati pa mizere pali dothi lokhalokha."

Mmodzi wa anzawo aja anatsokomola pofuna kubisa phwete.

"Grace, ine sindinafune kukunyozani," anatero a Dennis, nkhope itafiira.

"Ndikudziwa. Agogo anunso mwina sankafuna. Anakhala kwathu zaka, anadziwa mbozi iliyonse ndi dzina lake, koma sindikhulupirira kuti anafunsapo mayi wowaphikira kuti iye kunyumba amadya chiyani. Koma inu, ine ndili pano. Funsani."

Sitima inadutsa. Kenaka a Dennis anafunsa, ndi mawu otsika, kuti chisoso timaphika bwanji. Ndinawauza. Sananene kuti adzalawa, inenso sindinawakakamize.

Musaganize kuti nkhani yatha mokoma ngati ya m'buku. Anandiuza kuti akakambirana pamsonkhano wawo wa mwezi wamawa, ndipo mmodzi wa iwo akuonabe kuti ndi tchire. Mwina andilanda. Koma akadzandilanda, adzalande munda wa bonongwe, dzina lake lili pomwepo. Asadzalande kamunda kosesedwa bwino ka mayi amene anazula ndiwo zake yekha pofuna kukondweretsa komiti.

Kansalu kofiira kaja sanakachotse. Ndinakamasula ndekha iwo akuona, n'kumangira nyemba imene inali itagwa pansi. Yagwira bwino, ikukwera.

Nanga inu, chimene munazula chaka chino, anakuuzani ndani kuti ndi udzu?