Sensa Yolakwika ya ku Kamwala

Ndinkadziwa bwino zimene ndinkafuna. Kakompyuta kamene ndinapangira injini ya motoka yanga, yokhala ndi tebo yopopera mpweya, kankafunika sensa yopima mphamvu ya mpweya mpaka muyeso wa mabaa atatu. Koma ku Kamwala, ba Tembo ogulitsa masipeya atandipatsa ya baa imodzi, yosandithandiza konse, ndinangogwedeza mutu ngati mbuli. Anandifotokozera kwa ola lathunthu, ndipo chichokereni mkazi wanga panyumba ku Chelstone, panalibe amene anandilankhulapo nthawi yaitali choncho.

Loweruka lotsatira ndinabwererako.

"Shani ba Zulu, isebenza?" anandifunsa ba Tembo, kufuna kudziwa ngati sensayo ikugwira ntchito.

"Isebenza bwino maningi," ndinanama.

Anasangalala mpaka kundikokera mpando. Sensayo ili m'chitini cha misomali, motoka ikadali pamiyala, koma Loweruka lililonse ndimapita kukawauza mmene ikuthamangira.