Kuoloka Zambezi Kukakhululukira Munthu Wosapepesa

Tinanyamuka ku Matundo Loweruka m'mawa, ine ndi azakhali anga aakulu, a Rozita, ulendo wa ku Chimadzi kukakhululukira munthu. Ndikuti "tinanyamuka" ngati ndinachita kufuna. Ndinali nditangoyala zitsulo zanga pansi pa mtengo pomwe ndimakonzera njinga, azakhali ndi kutulukira, ambulera ili m'manja.

"Longedza. Iwe ndiwe umawerenga mabuku, ukakhale mboni."

Nkhani yake inali iyi. Bambo anga aang'ono atamwalira, azakhali aang'ono, a Lukia, sanagone pasiwa. Kutada anakwera njinga yamoto kubwerera kwawo, n'kubweranso m'mawa. Kwathu, mlongo wa malemu sakagona pabedi mtembo uli m'nyumba. A Rozita ananena pakati pa amayi ophika kuti ena maliro amalirira pansi pa ventuinya, mphepo yamagetsi ikuwakupiza. Mawuwo anafika kwa mwini wake ndiwo zisanapse. Chiyambire tsiku limenelo awiriwa sanapatsane moni. Tsono Lamulungu kunali mgonero, ndipo a mkulu wa mpingo anali atawauza a Rozita mosapita m'mbali: akakonze ndi mng'ono wawo, apo ayi akakhale mabenchi akumbuyo pamodzi ndi ana a kalasi. Mayi wa chigwirizano, amene sanaphonyepo mgonero chibwerere kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo, akakhale kumbuyo mpingo wonse ukucheuka!

Pamsewu tinapeza chapa, minibasi yakwathu kuno, yopita m'tauni. Kobradoro, mnyamata wotolera ndalama uja, anali kukuwa "Sidadi! Sidadi!" kuitana opita m'tauni, ngati galimoto ilibe munthu, pamene m'kati anthu anali atapanikizana ngati matemba m'dengu. Anatilowetsabe. Ine anandipinda pampando wakumbuyo, mawondo kukhosi. Ndalama ndinalipira ine, ya anthu awiri. Mboni, ndinaphunzira tsikulo, imadzilipirira yokha ndi kulipiriranso woitana.

Pamlatho wakale tinaima. Kutsogolo galimoto ina inali itafa, ndipo mzere unafika kutali. Pansi pathu Zambezi anali kuyenda mosatekeseka, ife pamwamba pake tikupsa. Amene sanafike ku Tete nyengo yotentha asandifunse; ndingoti chitsulo cha zenera chinandiotcha chigongono.

Ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Ine sukulu ndinasiyira panjira, koma mabuku ong'ambika ogula m'mbali mwa msewu ndawerenga ambiri, ndipo vuto la munthu wotere ndi lakuti safuna kuti zimene wawerenga zimuolere m'mimba. Ndinayamba kufotokoza mwadongosolo: kuti tchimo si la mmodzi, kuti tonse tinaperewera, kuti chipulumutso ndi mphatso osati malipiro, ndiye kuti munthu wopita kukayanjana ayambe wayang'ana mbali yake.

"Mbali yanga iti?" anafunsa azakhali.

"Mawu aja a ventuinya."

"Ndinanama?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye tchimo lili pati? Ndakutenga kuti ukaone, osati ukalalikire. Ukanakhala wodziwa, bwenzi uli m'busa, osati wopopa matayala."

Bambo wina wa chipewa amene anakhala pafupi nane anaseka mpaka kutsokomola. "Akugonjetsani amayi, achimwene," anatero. "Khalani chete muone madzi."

Pomwepo mayi amene ananyamula beseni la nsomba pamiyendo analipendeketsa, madzi ake onunkha n'kutsikira pachitenje chatsopano cha azakhali. Mayiyo anagwira pakamwa. "Pepani, mayi, pepani ndithu!"

"Palibe kanthu, mwana wanga, ndi ulendo," anatero azakhali ndi nkhope yowala. Kenaka anandigunda m'nthiti. "Waona? Ine kukhululuka sikundivuta. Munthu angopepesa basi."

M'tauni tinatsikira pafupi ndi msika, dzuwa lili pamutu. Ndinagula madzi ozizira a m'kapepala ka pulasitiki, ndipo ndinati mwina tigule kabuledi kapena masawu, tisalowe m'nyumba ya munthu chimanjamanja. Azakhali anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Wolakwiridwa sanyamula mphatso."

Chapa ya ku Chimadzi inali yokalamba kuposa yoyamba, chitseko chomangidwa ndi chingwe. Inadikira kuti idzaze, itadzaza inadikiranso. Inatitsitsa pamsewu waukulu, ndipo kotsalako tinayenda pansi m'kanjira ka fumbi ndi miyala, mbuzi zikutiyang'ana pamithunzi ya mipanda. Azakhali anali patsogolo ndi ambulera yawo, akubwereza chapansipansi mawu amene akanene. Ine mthunzi wa ambulerayo sunandikhudze ngakhale khutu.

A Lukia tinawapeza pakhonde, atakhala pamphasa, atafunda chitenje kumiyendo kutentha konseko. Sanadzuke. Anatilozera mipando, tinapatsana moni wa anthu okumana kuchipatala. Kenaka azakhali aakulu anakonza kukhosi.

"Lukia, mawa ndi mgonero. Ndabwera kudzakuuza kuti ndakukhululukira."

A Lukia anaphethira. "Mwandikhululukira? Inu? Achemwali, ine ndi amene ndinakukhululukirani, kalekale. Ndinawauza kale abusa athu kuno."

"Unandikhululukira chiyani?"

"Pakamwa panupo."

"Iwe unathawa mtembo wa mlongo wako!"

"Inu munandivula pamaso pa anthu!"

Ndaona anthu akulimbirana malo, akulimbirana mbuzi, koma anthu awiri kulimbirana kuti wokhululuka akhale ndani ndinali ndisanaonepo. Aliyense anabwera ndi chikhululukiro chodzaza manja, wochilandira panalibe. Ndinayesa kulowererapo. Ndinati bwanji anene onse pamodzi, ine ndiwerenge mpaka katatu.

"Iwe, takhala chete!" Apa pokha ndi pamene mawu awo anagwirizana.

Azakhali aakulu anaimirira, natenga ambulera. "Tiye. Ndayesa, Mulungu waona, iwenso waona." Mlatho, thukuta, tsiku lonse la ntchito, zonse kupita m'madzi. A Lukia nawo anafuna kudzuka, chifukwa ngakhale mlendo wokangana naye amaperekezedwa mpaka pachipata. Anagwira khoma, chitenje chija n'kugwa.

Miyendo yawo inali yotupa kuyambira kumapazi mpaka m'mawondo, khungu litanyezimira ngati lifuna kung'ambika.

Azakhali aakulu anaima. "Chimenechi n'chiyani?"

"Tensau, kuthamanga kwa magazi kuja. Ndi mtima womwe, akutero kuchipatala. Ndikagona pansi mpweya umandithawa, ndimagona chokhala, mapilo kumsana."

"Chiyambire liti?"

"Achimwene asanamwalire."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Munafunsa?"

Ndinadikira. Ndinati apa ndiye pepani atuluka, kuchokera uku kapena uku, ine ndimve ndi makutu anga, ndikapereke umboni. Sanatuluke. Azakhali anaponya ambulera pansi, nayamba kukalipa: mwana wopusa, wobisa matenda ngati mimba yapathengo, ndani akukuphikira, mcherewu ukudyabe? Akukalipa choncho anagwada pasimenti yotentha, mayi wa mawondo ovuta, nanyamula miyendo ija kuiika pampando umene anakhalapo iwo. Ine anandituma kukatunga madzi, kenaka kukagula makala, kenaka kukabweza makalawo chifukwa anali onyowa. Anaphika phala lopanda mchere. A Lukia anadya akudandaula kuti silikukoma, achemwali awo akuwauza kuti atseke pakamwa ameze.

Tinakwera chapa yobwerera dzuwa litapendeka. M'tauni tinasintha, n'kukwera ya ku Matundo. Tili pamlatho, mphepo yamtsinje italowa pang'ono pazenera, anandifunsa osandiyang'ana.

"Iwe wamabukuwe. Zimene zachitikazi, zikukwanira pa mgonero?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga monse. Mabuku anga amati munthu avomere tchimo, alape, apemphe, akhululukidwe, chimodzi pambuyo pa chinzake ngati mmene ndimamangira sipoko za njinga. Za munthu amene wagwada koma osapepesa, wapepesa ndi phala pakamwa pakutukwana, sanalembemo. Ndinayankha zoona, kuti sindikudziwa, ndipo a mkulu wa mpingo akandifunsa ngati mawu oti pepani ananenedwa, ndidzati sindinawamve.

"Uwauze zimenezo," anatero. Matayala atagunda nthaka ya Matundo, anaonjeza: "Mawu aja a ventuinya ndinalakwa. Kwa iye sindinathe kunena. Koma mawa ndikapita kutsogolo, kugome la mgonero."

"Osamaliza?"

"Ukuganiza kuti gome lija anayalira anthu omaliza? Akanatero bwenzi mkate ukubwerera wonse."

Ndinatsika chapa msana ukuwawa, m'thumba mopepuka, makasitomala anga atapita kwa wokonza njinga wina. Ndinapita ngati mboni yoti ikamve mawu amodzi, ndipo sindinawamve kumene ndinatumidwa. Lolemba m'mawa azakhali anadutsa pamtengo wanga, kathumba ka zovala kali pamutu, akulowera kokwerera chapa. Sananditenge. Anangoti ku Chimadzi akakhalako mpaka miyendo ija itaphwa, ndipo nkhuku zawo zikafa ndi ludzu, ineyo sadzandikhululukira.