Esteri ndi maluwa a khofi

Esteri anabwera kuno ali mtsikana, atawoloka Ruo ndi mayi ake pothawa Apwitikizi. Chinyanja chake chinali chosakanikirana ndi Chilomwe, ndipo ife amene tinapondako ku sukulu ya mishoni tinkamuseka. Ankalima m'munda wa khofi wa mzungu monga tonsefe, khasu lomwelo, dzuwa lomwelo. Koma khungu lake silinali ngati lathu. Ife zigongono mbuu, zidendene ming'alu yokhayokha. Iye thupi lonse see, ngati sanagwirepo khasu.

Sankabisa zimene ankachita. Mvula yoyamba ikagwa khofi amachita maluwa oyera, ndipo sachedwa kuyoyoka. Kuthyola duwa pamtengo unali mlandu kwa kapitawo, chifukwa duwalo ndiye khofi amene. Esteri ankadikira kuti ayoyoke okha, n'kumatola pansi ife tikuweruka, kumanga pansonga ya nsalu. Kunyumba ankawaviika m'madzi ofunda n'kukasamba mosafulumira, uku akuimba. Akatha ankadzola mafuta a nsatsi. Maluwa ena ankawayanika pamthunzi kusungira chilimwe. Ankati madziwo amachotsa kutopa kwa msana, ndipo mayi ake ankachita zomwezo kwawo ndi maluwa akutchire.

Amayi kumtsinje ankati amenewo ndi mankhwala okopera amuna. Ine sindinkayankhirapo, mpaka nditabereka Yosefe.

Mwambo wotenga mwana usanachitike, mwamuna ndi mkazi amagona padera, ndipo mwamuna akapita kwina mwanayo amadwala tsempho. Kutchalitchi amati zimenezo tizisiye, koma palibe mayi amene amayeserera pa mwana wake. Miyezi imeneyo ine ndinkanunkha mkaka ndi utsi. Tsiku lina amuna anga, a Isake, ananena mongocheza kuti mzere umene Esteri wadutsa umadziwika ndi fungo. Ndinangowathira madzi m'manja. Kuyambira pamenepo Yosefe akangotsokomola ndinkamugwira paliwombo, mtima uli kwa Esteri. Akamadutsa pakhomo pathu ndi mtsuko, ine ndinkayang'ana maso a amuna anga.

Kenaka Yosefe anatsekula m'mimba, thupi n'kutentha. Ndinamubereka kumbuyo, ulendo kwa Esteri. Ndinamupeza akusankha maluwa ouma palichero, ndipo sindinazungulire.

"Esteri, amuna anga amafika kuno?"

Anaseka mpaka lichero linapendama. "A Isake? Onunkha fodya aja? Amake Yosefe, takhalani pansi, mwatuwa ngati munagona paphulusa."

Anandilanda mwana, namutsegula pakamwa n'kundionetsa usinini wotupa: mano anali kumera. Kenaka anatereka madzi, naponyamo maluwa dzanja limodzi, nati ndikasambe iye agwira mwana. Chibadwire cha Yosefe ndinali ndisanasambepo popanda kutchera khutu kulira. Ndinakhala pamwala madzi mpaka kuzizira. Anandidzoza nsatsi kumsana, ndipo ndinanyamuka wopepuka, ndi kamtolo ka maluwa m'manja. Komabe nditaona zala zake zosalala pamsana pa mwana wanga, mtima unandiwawa ndithu.

Yosefe anachira mano atatuluka. Tsiku lotenga mwana litafika ndinasamba ndi maluwa aja, kudzola bwinobwino, kuvala nsalu yanga ya kutchalitchi. A Isake atandiyandikira anamwetulira.

"Lero mukununkhira ngati Esteri."

Iwo ankaona ngati akundiyamikira. Ine maluwa otsalawo ndinakawataya kuseri kwa khola, ndipo m'mawa mwake ndinakapempha kwa akazi a aphunzitsi kuti ndizitola maluwa oyoyoka pansi pa mtengo wawo wa mandimu. Mpaka lero ndimasamba ndi amenewo. Amafewetsa khungu chimodzimodzi, ndipo amuna anga alibe munthu womutchula akamva fungo lake.

Esteri anakwatiwa ndi a Pilato, ocheka matabwa a mkungudza kuphiri. Mzungu anazula khofi n'kudzala tiyi, amene maluwa ake fungo n'lochepa. Esteri anapempha kambande kamodzi ka khofi nadzala kuseri kwa nyumba yake, ngakhale khofi samwa. Timalonjerana, ana athu amasewera limodzi. Wabereka atatu, ine awiri, koma khungu lake likuposabe langa, ndipo akamadutsa pakhomo pathu ndimapeza chowatuma a Isake kuseri.