Kazitape wa abwana atsala ndi a Gwaza ku Ntchisi

Ndinanyamuka ku Kanengo m'mamawa ndi lole yopanda katundu, ulendo wokatenga soya kwa alimi a kalabu ina m'mapiri a ku Ntchisi. Ndinkayendetsa ndikuimba mluzu, chifukwa sabata yomweyo abwana anali atavomera zomwe madalaivala takhala tikulirira: kuti nthawi yodikira katundu tizilipidwa. Koma abwana athu ndi aja amakupatsa nthochi atayamba aluma. Anatimangirira kabokosi pansi pa chiwongolero, kowaonetsa pafoni pomwe galimoto ili. Ife timakatcha kazitape. Ndalama yodikira imatuluka pokhapokha kazitapeyo akaonetsa kuti lole yangoima pamalo okwezera katundu. Ikangosuntha, ndalama yapita. Ine n'kuti nditalonjeza kale mayi a kunyumba kuti ulendo uno ubala thumba la feteleza.

Pa Mponela ndinaima n'kudya tchipisi cha pachiwaya cha K2,500, mafuta ake akuda ngati oyilo wa lole yangayi. Wokazingayo atamva komwe ndimapita anati, "Mukatsike bwino mapiriwo, achimwene, mubwere ndi mano onse." Sananame. Nditangosiya tala, msewu unayamba kundigwedeza mpaka tchipisi chija chinafuna kubwerera.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo n'kupeza nthambi zamasamba zitayalidwa mumsewu, anthu a njinga akutsika n'kumakankha. Nyumba yosungira soya inali yotseka. Pakhonde panakhala mlonda, nkhalamba ya jekete lalikulu, dzina lawo a Gwaza.

"Kwagwa zovuta kuno," iwo anatero. "Palibe anyamule thumba mpaka titaika."

Mulungu andikhululukire, ndinapepesa ndi pakamwa koma mumtima ndinavina. Maliro a kumudzi sathamangitsidwa, ndiye kudikira kwake kunali kwa ndalama. Ndinaimika lole bwinobwino, n'kuika miyala kumatayala kuti ngakhale mphepo isaikankhe.

Kutacha kunabwera mkulu wa mpingo, chipewa chili m'manja. Bokosi linali kwa kalipentala kumsika, amayi a kwaya ali kutsidya kwa mtsinje, ndipo galimoto m'dera lonselo inali yanga yokha.

"Adalaivala," anatero mofatsa, "maliro n'kulirana."

Ndinaona kuti ndikakana, soya yenseyo ndikweza ndekha pamsana. Ndikavomera, feteleza wapita. Apo m'pamene nzeru zinandibwerera. Kazitape ali ndi batire lakelake. Ndinamumasula n'kumupereka kwa a Gwaza.

"Agogo, akatu ndi maso a abwana anga. Mukagwire pompano. Kakasuntha, aona."

"Amamvanso?"

"Chilichonse," ndinatero, pofuna kuti asakaseweretse.

Tsiku lonselo lole ya matani makumi atatu inagwira ntchito ya ngolo. Ndinanyamula bokosi, amayi a kwaya, mabenchi a kutchalitchi, nkhuni, ndi mbuzi imene inalira njira yonse kuposa anamfedwa. Pachitunda china lole inalephera kukwera, amayi anatsika n'kuikankha osasiya nyimbo.

Madzulo ndinabwerera ndipo zomwe ndinapeza zinandidabwitsa. Kazitape anali atakhazikidwa pampando woyalidwa chitenje, kapu ya thobwa patsogolo pake. A Gwaza anali pansi, chipewa chili pabondo, akumufotokozera za denga lodontha ndi za mawondo awo. Anthu ochokera kumanda ankapatuka, kuwomba m'manja n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bwana?" Mayi wina anamudandaulira za mtengo wa soya. Nkhalambayo sinasunthe chichokereni ine, ngakhale kupita kuseri kwa nyumba, ndipo kumanda sanapondeko, ngakhale womwalirayo anali mnzawo wosewera naye bawo.

M'mawa mwake anyamata anakweza soya mwachangu pothokoza. Thumba lomaliza litangokwera, foni yanga inalira. Ndalama yodikira inali italowa, pamodzi ndi mawu a abwana akuti mwa madalaivala onse ndine ndekha amene galimoto yanga sinagwedezeke n'komwe.

A Gwaza anamva kulira kwa foniko. Anadzaima kutsogolo kwa lole, ndodo ili m'manja.

"Yafika ija?"

"Iti, agogo?"

"Yodikira. Inu dzulo mumayendayenda, aliyense anakuonani. Wodikira ndinali ine." Kenaka analoza kazitape. "Ndinakambirana nawo abwana anuwo kuti yonse ndi yanga. Ndinawafunsa mobwerezabwereza. Sanakane."

Ndinayang'ana mkulu wa mpingo uja, amene anali chapompo, kuti andithandize. Iye anangoti iyenso analipo pomwe amagwirizana, ndipo abwana sanatsutsedi. Kuti ndinene kuti kabokosiko sikamva, ndiye kuti ndinanamiza nkhalamba pa tsiku la maliro. Kuti ndiimbire abwana, ndiye kuti ntchito yatha. Ndinatumiza ndalama ija ku foni ya mdzukulu wa a Gwaza, ndipo zinandiwawa zedi.

Pobwerera ndinatsika mapiri a ku Ntchisi mluzu utauma. Zaka zonsezi ndadikira m'mageti a mafakitale ndi m'malire a mayiko popanda wondipatsa ngakhale tambala. Tsiku loyamba limene kudikira kunasanduka ntchito yolipidwa, ndinalemba waganyu.