Amayi Ojambulira M'minibasi Yakufa

Kuno ku komboni ya George tili ndi amayi oyandikana nafe amene anayamba kupeka nkhani imvi zitadzaza kale m'mutu. Anakhalapo kondakitala pa mabasi a boma, anasokapo mayunifomu a sukulu, anagulitsanso salaula, zovala zovalidwa kale zija, mpaka mawondo anakana. Osindikiza mabuku atawabwezera nkhani yawo ati chinenero chake n'cha m'komboni, iwo sanapepese. Amakonda kunena kuti, "Pakamwa panga sipafuna chidindo cha munthu."

Masiku ano amadzitsekera m'minibasi yakufa kuseri kwa nyumba, n'kumajambula mawu pafoni. Mbali zonse amalankhula okha, ya mwamuna, ya mwana, ngakhale ya galu. Madalaivala amaika nkhaniyo m'mabasi, ndipo okwera ena amapitirira dala pamalo otsikira.

Nkhaniyo ndi ya mayi wamasiye amene wakana kutuluka m'nyumba yomwe alamu ake akufuna kulanda, ndipo wapezanso chibwenzi. Sabata yatha amayi a chigwirizano cha kutchalitchi anabwera nkhope zili gwa. Wapampando wawo anati, "Vamene mukamba ni vamanyazi pa msinkhu wanu. Uja mukazi alangiwe pothera, ngati mukana mubweze chitambala cha chigwirizano."

Amayi ojambula aja analowa m'nyumba, natenga chitambala chakumutucho, n'kuchipereka chopindidwa bwinobwino. Kenako anadina foni, naiyandikiza pakamwa pa wapampandoyo.

"Kambaninso, bamayi, mokweza," anatero. "Mau ya uja mulamu woipa yenze yanivuta maningi. Yanu ndiye yeniyeni."